Liwu la Chirasha Lakuti Progul: Chiyambi Chake ndi Mlandu Umene Lidasenza

Zolinga za phunziro

Pofika kumapeto kwa phunziro lino, inu amene mukuphunzira uphunzitsi muyenera kukhoza:

a) kuphwanya liwu m'zidutswa zake ndi kutchula ntchito ya chidutswa chilichonse;
b) kufotokoza m'mene tanthauzo la liwu limasunthira kuchoka pa chiyambi chake;
c) kusiyanitsa liwu longonena chimene chachitika ndi liwu loweruza munthu;
d) kukonza ntchito ya m'kalasi yofufuza mawu a Chinyanja mwa njira yomweyo.

Mawu otsogolera

Munthu akamalankhula chilankhulo chimene adayamwira, saona m'mene mawu ake adalumikizidwira. Amangoti "mphunzitsi" osaganizako n'komwe kuti m'liwu limeneli muli tsinde lakuti -phunz-, muli kachidutswa kochititsa -its-, ndiponso muli m- koyambirira ndi -i kumapeto, zosonyeza munthu wogwira ntchitoyo. Liwu lachilendo limatikakamiza kuima ndi kuyang'ana mfundo zake, popeza palibe chimene tingalote pongolimva. N'chifukwa chake phunziro lino latenga liwu lochokera kutali, ku Russia, kuti maso athu azolowere kuona malumikizidwe a mawu tisanabwerere ku mawu athu.

Liwulo ndi progul, limene eniake amalemba прогул m'zilembo zawo. Limatanthauza kujomba kusukulu kapena kuntchito popanda chifukwa chomveka. Polinena amatsindika phatikizo lachiwiri, -gul, ndipo o wosatsindikidwayo amamveka ngati a, kotero kuti khutu limamva "pragul". M'mawu ena a Chirasha amene muwapeze m'munsimu muona kachizindikiro aka ('). Kakuimira chilembo chopanda liwu lakelake, chimene chimangofewetsa katchulidwe ka chilembo chimene chatsatana nacho.

Tiona kuti liwu lalifupili silimangonena kuti munthu palibe. Mkati mwake muli kale ganizo la kumene munthuyo ali ndi chimene akuchita, ndipo ganizo limenelo lidafika pomangitsa anthu.

1. Tsinde: mneni gulyat'

Pakati pa progul pali tsinde lakuti gul-, lochokera ku mneni gulyat'. Tanthauzo limene mwana wa ku Russia amayamba kulidziwa ndi kuyenda mosathamangira kanthu, kutuluka panja kukapitidwa mphepo. Mayi akamatuluka ndi mwana wake kukawongola miyendo madzulo, mneni wake ndi ameneyu. Koma mneniyu ali ndi nthambi zambiri. Amanenedwa za munthu amene ali pa tchuthi, amene lero sagwira ntchito. Amanenedwa za anthu osangalala paukwati, akudya, akumwa ndi kuvina. Amanenedwa za mphepo imene ikulowa ndi kutuluka m'nyumba yopanda chitseko. Alimi nawo amanena za munda umene sudadzalidwe chaka chimenecho kuti ukuchita gulyat', pamene ife tikadati mundawo wasanduka tsala.

Mukaika matanthauzo onsewa pamodzi, mupeza ulusi umodzi wowasoka: munthu kapena chinthu chimene sichidamangidwe pa ntchito, chimene chili ndi nthawi yakeyake. Poyamba mulibe choipa m'ganizo limeneli. Kupuma ndi kusangalala paukwati si mlandu. Komabe mneniyu ali ndi mbali ina yonyoza, pakuti amanenedwanso za mwamuna kapena mkazi wosakhulupirika m'banja. Apa Chinyanja chidayenda njira yofanana pachokha. Kuyenda ndi chinthu chabwino, koma mukamva akulu akunena kuti uje ndi woyendayenda, mudziwa kuti sakukamba za maulendo.

Mbiri ya Russia idasunga mneniyu m'mayina angapo. Kuyambira zaka za m'ma 1500 kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1700 kudali gulu la anthu otchedwa gulyashchie lyudi, ndiye kuti anthu oyendayenda. Adali anthu wamba opanda mbuye, osalembedwa pa msonkho wa mudzi uliwonse, okhalira maganyu m'madoko, m'mitsinje ndi m'madera a Siberia. Boma silidakondwe ndi anthu osawerengeka chotere, ndipo m'nthawi ya Peter Wamkulu, amene adamwalira mu 1725, kalembera wa msonkho wa munthu aliyense adathetsa gululi. Zikuoneka pamenepa kuti kalekale, mafakitale asanachuluke, olamulira ankamuyang'ana kale ndi diso lokayika munthu wochita gulyat'.

Zilankhulo zoyandikana ndi Chirasha zili ndi mneni yemweyu, koma aliyense adamukokera kwake. Ku Belarus amatanthauza kusewera, ngakhale kusewera mpira. Ku Poland adamubwereka ngati hulać, kusangalala mopanda malire, ndipo pophatikiza ndi noga, mwendo, adapanga hulajnoga, dzina la kanjinga kamene mwana amaimapo ndi mwendo umodzi, winawo ukukankha pansi.

2. Mphatikiri woyambirira: pro-

Chidutswa chachiwiri ndi pro-, mphatikiri amene amaikidwa koyambirira kwa mneni. Tanthauzo lake lenileni ndi kupyola, kudutsa pakati mpaka kutulukira mbali ina. Mneni chitat' ndi kuwerenga, ndipo prochitat' ndi kuwerenga mpaka kumapeto. Mphatikiriyu ndi wakale kwambiri. Chirasha ndi Chilatini zidachokera ku kholo limodzi, banja limene akatswiri amalitcha Indo-European, ndipo pro- wa Chirasha ndi mbale wake wa pro- amene mumamuona m'mawu a Chipwitikizi monga progresso ndi prosseguir. Ubale wa magazi sutanthauza kuti ntchito ndi imodzi, pakuti m'Chirasha pro- adatenganso ntchito ina imene m'Chipwitikizi alibe.

Ntchitoyo ndi iyi: akaphatikizidwa ku aneni ena, amasonyeza kuti munthu wataya chinthu mwa kuchita chimene mneniyo akunena. Taonani magulu awa:

spat', kugona, prospat', kugonereza mpaka basi kapena phunziro kukupita
pit', kumwa, propit', kumwera mowa ndalama kapena katundu
est', kudya, proest', kuthera ndalama zonse pa chakudya
igrat', kusewera, proigrat', kugonja pamasewera kapena kuluza pa juga
zevat', kuyasamula; prozevat', kuphonya mwayi chifukwa chosakhala tcheru
gulyat', kuyenda momasuka. Progulyat', kutaya phunziro kapena tsiku la ntchito mwa kuyendayenda

Ganizo la kupyola silidatayike. Munthu wogonereza wadutsa m'nthawi yonse ya phunziro ali mtulo, ndipo podzuka wapeza kuti phunzirolo lili kumbuyo kwake. Momwemonso wochita progulyat' wadutsa m'maola a sukulu akuyendayenda.

Apa pali chinthu choyenera kuti mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri achigwire bwino. Chimene Chirasha chimachita koyambirira kwa mneni, Chinyanja kawirikawiri chimachita kumapeto. Tikati "Bambo uja wamwera mowa ndalama zonse za fodya," kachidutswa -er- m'liwu lakuti wamwera kakugwira ntchito yofanana ndi ya pro- m'liwu lakuti propit'. Tikati "ndagonereza," zidutswa zimene tawonjezera pa kugona zikunena zomwe prospat' akunena. Choncho mwana wobwera kusukulu akulankhula Chinyanja ali kale ndi luso lonse losintha matanthauzo ndi timaphatikiri. Chimene sadachite ndi kuliona ndi kulitchula dzina.

3. Kuchoka pa mneni kufika pa dzina

Kuchokera ku mneni progulyat', Chirasha chidapanga dzina mwa kungodula mchira wa mneniyo, nkutsala progul. Njira imeneyi ndi yofala m'chilankhulocho: vkhodit' ndi kulowa, ndipo vkhod ndi khomo lolowera. Ifenso timatembenuza aneni kukhala mayina, ngakhale kuti timatero posintha chilembo chomaliza: kufunsa kumabala funso, kuyankha kumabala yankho, kulamula kumabala lamulo.

Pa dzinali adaphatikizapo -shchik, mphatikiri wakumapeto wosonyeza munthu wochita chinthu, nkupanga progul'shchik, munthu wojomba. Wamkazi ndi progul'shchitsa. Mphatikiri yemweyu ndiye amatembenuza kamen', mwala, kukhala kamenshchik, mmisiri womanga ndi miyala. Zindikirani zotsatira zake. Mphatikiri wozolowereka pa mayina a ntchito akaikidwa pa cholakwa, amachisandutsa ngati ntchito ya munthuyo. Progul ndi chinthu chimene munthu wachita tsiku limodzi, pamene progul'shchik ndi dzina limene wavekedwa, lonena kuti iye ndi wotero.

Tsinde lomweli lili ndi ana enanso. Otgul ndi tsiku lopuma limene wantchito amapatsidwa pobwezera tsiku limene adagwira mopyola. Vygul ndi kutulutsa galu kapena ziweto panja. Zagul ndi kulowa m'chimowa cha masiku angapo. Ndipo pali progulka, ulendo wowongola miyendo, liwu lokoma limene mphunzitsi wa ana aang'ono amagwiritsa ntchito akamatuluka ndi kalasi lake kukaona mitengo. Pakati pa progulka ndi progul pali zilembo ziwiri zokha, koma loyamba limalembedwa pa ndandanda ya zochita za tsiku, ndipo lachiwiri lingachotsetse munthu ntchito. Otgul ndi progul nawo amanena za tsiku limodzimodzi losagwira ntchito. Chosiyanitsa ndi chakuti wina adapereka chilolezo kapena ayi.

4. Pamene lamulo lidagwira liwu

Chiyambi cha liwu chimatiuza m'mene lidamangidwira. Kulemera kwake kumabwera ndi zimene anthu adalichitira pambuyo pake, ndipo pa progul zimenezi zidachitika makamaka m'nthawi ya Soviet Union, pansi pa ulamuliro wa Stalin.

Mu 1928 dzikolo lidayamba ndondomeko yoyamba ya zaka zisanu yomanga mafakitale mofulumira. Anthu mamiliyoni adachoka m'midzi kupita m'mizinda. Adali ozolowera ntchito yotsata dzuwa ndi nyengo, pamene fakitale inkafuna munthu wotsata belu. Nyumba zidali zosowa, chakudya chidali chochepa, ndipo ambiri ankasiya ntchito pano kukayesa kwina. Boma lidaona kujomba ngati mdani wa ndondomeko yake. Zithunzi zopachika m'makoma zinkanyoza progul'shchik, ndipo m'mafakitale munali mabolodi akuda olembapo mayina a ojomba kuti aliyense awaone.

Chaka cha 1932 chisanafike, munthu ankachotsedwa ntchito akajomba masiku angapo. Pa 15 Novembala 1932 lamulo latsopano lidati tsiku limodzi lokha lopanda chifukwa chomveka ndi lokwanira. Wochotsedwayo ankalandidwanso makadi olandirira chakudya ndi katundu, ndipo ankatulutsidwa m'nyumba ya fakitale. Mu Disembala 1938 boma lidakhwimitsanso malamulo a ntchito ndi kuyambitsa kabuku ka ntchito, kamene wantchito aliyense ankalembedwamo kumene wagwira ndi chifukwa chimene adachokera. Mu Januwale 1939 padatuluka kufotokozera kwakuti kuchedwa kopitirira mphindi 20 kuziwerengedwa ngati progul.

Pa 26 Juni 1940 chinthuchi chidasanduka mlandu wa kukhothi. Lamulo la tsiku limenelo lidati wopezeka ndi progul agwire ntchito yachilango pamalo ake omwewo a ntchito kwa miyezi yosapitirira isanu ndi umodzi, akudulidwa malipiro mpaka 25 pa 100 iliyonse. Wosiya ntchito popanda chilolezo ankaikidwa m'ndende miyezi iwiri kufikira inayi. Mu Disembala chaka chomwecho lamulo lina lidafika kwa achinyamata a m'sukulu zophunzitsa ntchito zamanja ndi zanjanji: wothawa sukulu yotero akadatha kutumizidwa kumalo a ntchito yachilango mpaka chaka chimodzi. Anthu mamiliyoni adaweruzidwa ndi malamulo amenewa, mpaka pamene kujomba kudaleka kukhala mlandu wa kukhothi mu Epulo 1956, Stalin atamwalira kale mu 1953.

Taganizirani za mayi amene wafika pachipata cha fakitale mu 1940 atachedwa ndi mphindi 25, chifukwa adali pamzere wogula buledi kapena chifukwa galimoto yonyamula anthu idadzaza. Sadayende mopitidwa mphepo ngakhale mphindi imodzi. Koma liwu lolembedwa pa pepala la mlandu wake, mukaliphwanya, likuti iye adataya ntchito mwa kuyendayenda. Liwulo lidapereka chifukwa woweruza asanafunse.

Lero lamulo la ntchito la Russia, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2002, limafotokoza progul m'ndime 81 ngati kusapezeka pantchito popanda chifukwa chomveka tsiku lonse, kapena kwa maola opitirira anayi otsatizana. Chilango chachikulu ndi kuchotsedwa ntchito. Choncho muyeso wa liwu limodzi udali tsiku lathunthu mu 1932, mphindi 20 mu 1939, ndipo tsopano ndi maola anayi, pamene zilembo zake sizidasinthe ngakhale chimodzi. Wofuna kudziwa tanthauzo la progul m'chaka china sangalipeze pa tsinde pokha. Ayenera kufunsa amene adali ndi mphamvu yoika muyeso m'chaka chimenecho.

5. Liwu longonena ndi liwu loweruza

Chirasha chili ndi liwu lina la kusapezeka m'kalasi, lakuti propusk. Nalonso lili ndi pro-, koma tsinde lake ndi la mneni wotanthauza kulola kapena kuleka chinthu kuti chipite. Propusk amangonena kuti phunziro lapita mwana palibe. Mwina adadwala, mwina adathawa. Mphunzitsi wa ku Russia akamaitana mayina amaika chilembo н, chimene ndi n wawo, pa dzina la amene palibe, ndipo chilembocho sichinena chifukwa. Kusapezekako kumasanduka progul pokhapokha zitadziwika kuti padalibe chimene iwo amachitcha uvazhitel'naya prichina. Prichina ndi chifukwa, ndipo liwu linalo lidachokera ku mneni uvazhat', kulemekeza. Mawuwa akunena za chifukwa choyenera kupatsidwa ulemu, ndipo ulemu umafuna munthu woupereka. Kuntchito munthuyo ndi bwana. Kusukulu ndinu.

M'sukulu zathu kusiyana komweku kulipo. M'buku la kalasi timalemba falta, ndipo pambuyo pake falta ija imakhala justificada kapena injustificada. Ophunzira okha ali ndi mawu awoawo, monga fazer gazeta, onena za kujomba kwadala. M'Chinyanja, mukaitana dzina ana nkuyankha kuti "palibe" kapena "sanabwere," angonena chimene chachitika. Akati "wathawa," aweruza kale. Liwu lakuti kujomba lili pakati: timatha kunena kuti mwana wajomba chifukwa cha malungo, koma tikamutcha wojombajomba tamuveka dzina, monga momwe -shchik amachitira.

Mwana wosapezeka m'kalasi angakhale akudwala, angakhale kumaliro, angakhale kuti mtsinje wadzaza m'dzinja ndipo palibe mlatho, kapena makolo amutuma kubusa kapena kokolola. Angakhalenso kuti wakhala m'kalasi miyezi yambiri osamva chimene chikunenedwa, mpaka mtima wake udachoka. Ndipo alipodi ana ongokonda kusewera kudambo. Onsewa m'buku amaoneka ndi chizindikiro chimodzi. Mphunzitsi amene amayamba ndi liwu loweruza amatseka njira yodziwira kuti mwa ana amenewa ali ndi uti, ndipo mwana wotchedwa wothawa pamaso pa anzake kawirikawiri amathawadi, popeza kubwerera kwasanduka chinthu chamanyazi. Lamulo la ntchito yanu likhale ili: lembani liwu longonena, funsani mwana ndi makolo ake, ndipo mukatero ndiye musankhe liwu lachiwiri.

6. Polekezera kufufuza

Tatsata progul kufika pa progulyat', ndi progulyat' kufika pa pro- ndi gulyat'. Mpaka pamenepa umboni ndi wolimba, pakuti mawu onsewa alipo m'chilankhulo ndipo njira yowapangira imaonekanso pa aneni ena ambiri. Vladimir Dal, amene adasindikiza dikishonale yake yaikulu ya Chirasha cholankhulidwa pakati pa 1863 ndi 1866, adasonkhanitsa mawu m'mabanja motere, tsinde limodzi ndi ana ake pamalo amodzi. Koma za gwero lakale la gulyat' weniweniyo akatswiri sadamvane. Max Vasmer, amene dikishonale yake ya chiyambi cha mawu a Chirasha idatuluka m'Chijeremani m'zaka za m'ma 1950, ankati akafika pa liwu lotere amaika maganizo a akatswiri osiyanasiyana ndi kusonyeza ofooka, osakakamiza yankho. Khalidwe limeneli ndi loyenera kutengera.

Chiyeso chachikulu kwa wofufuza watsopano ndi kufanana kwa kamvekedwe. Wina mwa inu angaone kuti gulyat' amatanthauza kusangalala paphwando, nkukumbukira liwu lathu lakuti gule, nkuganiza kuti wapeza ubale. Ubale palibe. Chinyanja ndi cha m'banja la zilankhulo za Bantu, Chirasha ndi cha m'banja lina, ndipo palibe njira ya malonda kapena ya ulamuliro imene ikadanyamula liwulo kuchoka kwina kupita kwina. Zilankhulo ziwiri zilizonse zili ndi mawu ochepa ofanana mwangozi.

Yerekezani ndi mawu amene kubwerekedwa kwake kuli ndi umboni. Nsapato idachokera ku sapato, kalata ku carta, kapitawo ku capitão. Pamenepa kamvekedwe kakugwirizana, matanthauzo akuyandikana, ndipo mbiri ikutiuza kuti Apwitikizi adali m'chigwa cha Zambezi, ku Sena ndi ku Tete, kuyambira zaka za m'ma 1500. Zinthu zitatuzi zikasowa chimodzi, dikirani. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Onaninso kuti kapitawo adasuntha ngati progul: capitão ndi mtsogoleri wa asilikali kapena wa sitima yapamadzi, pamene kapitawo wathu ndi woyang'anira antchito pamunda kapena pamsewu.

7. Njira yotengera m'kalasi

Ana anu safunika kuphunzira Chirasha. Chimene mutenge pano ndi njira, ndipo ili ndi masitepe asanu.

Choyamba, sankhani mneni wodziwika kwa ana onse, monga kuyenda, ndipo anawo atchule mawu onse a banja lake amene akuwadziwa: kuyendera, kuyendetsa, kuyendeka, kuyenderana, kuyendayenda, mayendedwe, woyendetsa. Lembani onse pabolodi osakonza kanthu.

Chachiwiri, ana apeze chidutswa chimene sichikusintha m'mawu onsewo, ndipo achidule mzere kunsi. Limenelo ndilo tsinde. Musayambe ndi kutchula dzina lakuti tsinde. Alione kaye, dzina libwere pambuyo.

Chachitatu, tengani chidutswa chimodzi chowonjezera, monga -ets- kapena -its-, ndipo ana achiyese pa matsinde ena: kugona ndi kugonetsa, kulima ndi kulimitsa, kuseka ndi kuseketsa. Afunseni chimene chasintha pa tanthauzo, ndiponso chifukwa chimene mawu ena atengera e pamene ena atenga i. Ana a kalasi lachitatu amatha kuona okha kuti chilembo cha m'tsinde ndicho chikulamula.

Chachinayi, funsani kuti liwu lililonse limanenedwa ndi yani, kwa yani, ndipo womva amamva bwanji. Apa ndi pamene ana amazindikira kuti kuyendera wodwala ndi chinthu chotamandika, pamene kutchedwa woyendayenda ndi chitonzo, ngakhale tsinde ndi limodzi.

Chachisanu, wolokani kupita ku Chipwitikizi ndi luso lomwelo: fazer, refazer, desfazer, falta, faltar, faltoso. Mwana amene waona kuti kumanga ndi kumasula ndi ntchito ziwiri zotsutsana, kapena kuti kutseka kumabala kutsekula, savutika kumvetsa chimene des- akuchita pa desfazer.

Ntchito ya m'magulu

1. M'magulu a anthu anayi, lembani mawu onse amene anthu a kwanu amagwiritsa ntchito ponena za mwana wosapezeka kusukulu, a Chinyanja ndi a Chipwitikizi omwe. Agaweni m'mizere iwiri, ongonena ndi oweruza. Liwu limene mwalephera kugwirizana liikeni pakati, ndipo mufotokozere anzanu chifukwa chake. Ngati m'gulu mwanu muli ochokera ku Angónia ndi ena ochokera kunyanja ku Niassa, onani ngati mawu anu ndi amodzi.

2. Phwanyani mawu awa m'zidutswa ndi kutchula ntchito ya chilichonse: wojombajomba, kujombetsa, kuthawitsa, kugonereza, kumwera.

3. Konzani phunziro la mphindi 45 la kalasi lachitatu potsata masitepe asanu a m'gawo 7, pogwiritsa ntchito mneni kuthawa kapena kusowa.

Mafunso oyankha payekha

1. Fotokozani ntchito ziwiri za mphatikiri pro- m'Chirasha, ndipo perekani chitsanzo chimodzi pa ntchito iliyonse.
2. Kodi progul, progulka ndi otgul akusiyana motani, popeza tsinde lawo ndi limodzi?
3. Tchulani miyeso itatu imene lamulo lidapatsa liwu lakuti progul, ndi zaka zake. Kodi zimenezi zikutiphunzitsa chiyani za malire a kufufuza chiyambi cha mawu?
4. N'chifukwa chiyani tikuvomereza kuti kalata idachokera ku carta, koma tikukana kuti gule ndi gulyat' ndi pachibale?
5. Mwana wa m'kalasi lanu sadabwere masiku anayi otsatizana. Lembani m'Chinyanja kalata yaifupi yopita kwa makolo ake, yofunsa chimene chachitika popanda liwu ngakhale limodzi loweruza. Mubwere nayo pa phunziro lotsatira, pamene tidzawerengerana makalatawo ndi kusanthula mawu amene aliyense wasankha.